Ntchito za sayansi ya nyukiliya pa zinthu zakale, chilengedwe ndi zipangizo

Sayansi ya nyukiliya ndi kafukufuku wa phata la atomu, mmene phatalo limasinthira komanso cheza chimene limatulutsa. Anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha mabomba ndi malo opangira magetsi, koma mbali yaikulu ya ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yoyeza zinthu. Njira zake zimathandiza akatswiri ofukula zinthu zakale kudziwa zaka za fupa kapena makala, zimathandiza akatswiri a zamadzi kudziwa kumene madzi a m'chitsime akuchokera, ndipo zimathandiza mainjiniya kuona mkati mwa chitsulo popanda kuchidula. M'zaka zaposachedwapa njirazi zayamba kufunika kwambiri pa nkhani za kusintha kwa nyengo, kusowa kwa madzi ndi kuzembetsa minyanga. Pa nthawi yomweyo zikukumana ndi mavuto awiri aakulu: makina amene zimadalira ndi ochepa komanso okalamba, ndipo utsi wa malasha ndi mafuta ukusokoneza njira yotchuka kwambiri yowerengera zaka.

Maziko ake

Maatomu a chinthu chimodzi, mwachitsanzo kaboni, salemera mofanana onse. Ena ali ndi ma neutron ambiri m'phata mwawo kuposa anzawo, ndipo mitundu yosiyana kulemera imeneyi imatchedwa ma isotope. Ena mwa ma isotope sasintha. Ena ndi osakhazikika, moti pakapita nthawi amasweka n'kusanduka chinthu china, uku akutulutsa cheza. Isotope iliyonse yosakhazikika imasweka pa liwiro lake lake, ndipo liwirolo silisintha chifukwa cha kutentha, mvula kapena malo. Akatswiri amaliwerengera pa nthawi imene imatenga kuti theka la maatomuwo lisweke. Kwa kaboni-14 nthawi imeneyi ndi zaka pafupifupi 5,730, kwa caesium-137 ndi zaka pafupifupi 30, ndipo kwa tritium ndi zaka 12.3.

Pa mfundo imeneyi pamachokera ntchito zitatu. Yoyamba ndi ya wotchi: poyeza maatomu otsala, zimadziwika kuti papita nthawi yaitali bwanji. Yachiwiri ndi ya chizindikiro: kasakanizidwe ka ma isotope m'madzi, m'nthaka kapena m'mwala kamasonyeza kumene chinthucho chachokera. Yachitatu ndi younikira: ma neutron, ma proton ndi cheza cha gamma zimalowa mkati mwa zinthu zimene kuwala wamba sikungalowemo.

Kuwerengera zaka za zinthu zakale

Njira ya kaboni-14 inayambitsidwa ndi Willard Libby wa ku yunivesite ya Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960. Kaboni-14 amapangika kumwamba kwambiri pamene cheza chochokera m'mlengalenga chagunda nitrogen. Zomera zimamutenga mu mpweya, nyama ndi anthu amamutenga m'chakudya. Chamoyo chikafa sichilandiranso kaboni watsopano, ndipo amene analipo amayamba kuchepa. Njirayi imagwira ntchito pa zinthu zimene zinali zamoyo, monga makala, mafupa, mbewu, nsalu ndi zigoba, mpaka zaka pafupifupi 50,000.

Poyamba pankafunika kuwononga chidutswa chachikulu kuti zotsatira zipezeke. Kuyambira mu 1977 akatswiri anayamba kuwerenga maatomuwo mwachindunji ndi makina othamangitsa tizidutswa ta atomu, njira imene imadziwika ndi chidule chakuti AMS, ndipo tsopano kambewu kamodzi kapena kaulusi kochepa kamakwanira. Njirayi ndi imene inagwiritsidwa ntchito mu 1988 pamene malabotale a ku Oxford, Zurich ndi Arizona anayeza nsalu ya ku Turin, imene ena amakhulupirira kuti inakulunga thupi la Yesu, n'kupeza kuti chomera chimene anapangira bafuta wake chinamera pakati pa 1260 ndi 1390. Inasonyezanso kuti mtembo wa Ötzi, umene unapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps mu 1991, ndi wa zaka pafupifupi 5,300.

Kuchuluka kwa kaboni-14 mu mpweya kwakhala kukusinthasintha, choncho zotsatira za ku labotale zimayerekezeredwa kaye ndi zinthu zimene zaka zake n'zodziwika kale, monga mizere ya m'thunthu la mtengo imene imawonjezeka chaka ndi chaka. Ndondomeko yoyerekezera imene ikugwiritsidwa ntchito panopa, IntCal20, inatuluka mu 2020 ndipo imafika zaka 55,000 m'mbuyo. Kum'mwera kwa dziko lapansi kuli ndondomeko yakeyake, SHCal20.

Zimene njirazi zasintha pa mbiri ya Africa

Kumadera kumene mbiri inkasungidwa pakamwa, kuyeza zaka kwakhala umboni wofunika kwambiri. Ku Great Zimbabwe, kumene atsamunda ena ankanena kuti makoma a miyala anamangidwa ndi alendo ochokera kutali kalekale, zotsatira za kaboni-14 zinagwirizana ndi zimene ofukula monga Gertrude Caton-Thompson ananena mu 1929, kuti mzindawo unamangidwa ndi anthu a m'deralo. Masiku ano umadziwika kuti unakula pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi m'ma 1400.

Ku Zambia, manda a ku Ingombe Ilede pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, amene anapezeka mu 1960, anali ndi golide, mkuwa ndi mikanda ya galasi. Kwa zaka zambiri ankawerengedwa kuti ndi a m'ma 1300 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1400. Mu 2017 Susan Keech McIntosh ndi Brian Fagan anafalitsa zotsatira zatsopano za AMS zosonyeza kuti manda olemerawo sanayambe kale kuposa kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Kusintha kumeneku kukutanthauza kuti chuma cha pamalopo chiyenera kumvetsedwa mogwirizana ndi nthawi imene Apwitikizi anafika m'mphepete mwa nyanja ya Indian, Great Zimbabwe itatsika kale mphamvu.

Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, matabwa akale anali atapezeka kale m'zaka za m'ma 1950, koma anali akale kwambiri moti kaboni-14 sakanathandiza. Mu 2023 gulu lotsogoleredwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool linalengeza za mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka zosachepera 476,000. Zakazi zinapezeka poyeza mchenga umene unakwirira mitengoyo. Timiyala ta mumchenga timasunga mphamvu ya cheza chachilengedwe cha m'nthaka kuyambira tsiku limene tinasiya kuona dzuwa, ndipo ku labotale timatulutsa mphamvuyo ngati kuwala kumene kungayezedwe.

M'Malawi, kaboni-14 wagwiritsidwa ntchito pa phiri la Hora ku Mzimba, kumene mafupa a makanda awiri a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 anapereka DNA imene ili m'gulu la yakale kwambiri ku Africa kuno, malinga ndi kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2022. Yusuf Juwayeyi anagwiritsanso ntchito njirayi pa zofukula za ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la Amaravi, poyerekezera zimene zili m'nthaka ndi mbiri ya pakamwa ya Achewa.

Zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale

Pansi pa nyumba ya Louvre ku Paris pali makina otchedwa AGLAE, amene anaikidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti azigwira ntchito pa zaluso ndi zinthu zakale zokha. Amawombera ma proton pa chinthucho, ndipo cheza chimene chimabwerera chimasonyeza zimene zili mkati mwake popanda kuchiswa. Makinawa anasonyeza kuti maso ofiira a kafano kochokera ku Babulo ndi miyala ya ruby yochokera ku Burma, umboni wa malonda a mtunda wautali kwambiri.

Cheza cha gamma chimagwiranso ntchito yopha nkhungu ndi tizilombo tofumbwa mitengo, mapepala ndi nsalu. Mtembo woumikidwa wa Farao Ramesses II unapita ku France mu 1976 ndipo unaunikiridwa ndi gamma mu 1977 kuti nkhungu zimene zinkauwononga zife. Ku Egypt komweko, gulu la ScanPyramids linagwiritsa ntchito ma muon, tizidutswa timene timagwa mwachilengedwe kuchokera kumwamba, ndipo mu 2017 linalengeza za mphako yaikulu ya mamita osachepera 30 mkati mwa piramidi ya Khufu.

Madzi, nthaka ndi nyanja

Mvula ya m'dera lililonse ili ndi kasakanizidwe kake ka oxygen-18 ndi deuterium, kutengera kutentha, kutalika kwa malo ndi mtunda kuchokera kunyanja. Bungwe la United Nations loona za nyukiliya, IAEA, pamodzi ndi bungwe loona za nyengo la WMO, akhala akusonkhanitsa miyeso ya mvula padziko lonse kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Poyerekezera madzi a pa mjigo ndi miyeso imeneyi, zimadziwika ngati madziwo akuchokera ku mvula ya pamalopo, ku mtsinje kapena kumapiri akutali.

Funso lina lofunika ndi msinkhu wa madziwo. Madzi okhala ndi tritium analowa pansi m'zaka makumi angapo zapitazi, ndiye kuti akuwonjezeka mvula ikagwa, koma angathenso kuipitsidwa msanga ndi zimbudzi kapena feteleza. Madzi akale kwambiri amayezedwa ndi kaboni-14 kapena krypton-81. Mu 2004 kuyeza kwa krypton-81 kunasonyeza kuti madzi ena a pansi pa chipululu cha kumadzulo kwa Egypt, mu nkhokwe imene Egypt, Libya, Sudan ndi Chad amagawana, akhala pansipo kwa zaka pafupifupi miliyoni imodzi. Madzi otere akapopedwa sabwereranso m'nthawi ya moyo wa anthu, ndipo boma limene likufuna kukhazikitsa ulimi wothirira pamalo otere liyenera kudziwiratu zimenezi. Mu March 2023, pa msonkhano wa United Nations wa zamadzi, IAEA inakhazikitsa mgwirizano wa malabotale wotchedwa GloWAL kuti mayiko ambiri athe kudziyezera okha madzi awo.

Kukokoloka kwa nthaka kumayezedwa ndi caesium-137 amene anagwa ndi mvula padziko lonse pa nthawi yoyesa mabomba. Iye amamatirira ku dothi la pamwamba ndipo amapita kulikonse kumene dothilo lapita. Munda ukakhala ndi caesium wochepa poyerekezera ndi malo osalimidwa apafupi, ndiye kuti dothi lake lakokoloka. Kumene wachuluka ndi kumene dothilo launjikana. Mwa njira imeneyi, ulendo umodzi wotenga dothi umapereka chithunzi cha zaka makumi angapo.

Panyanja, nkhani imene yakhala m'kamwa mwa anthu ndi ya Fukushima. Pa 24 August 2023 dziko la Japan linayamba kutayira m'nyanja ya Pacific madzi osefedwa ochokera pa malo opangira magetsi amene anawonongeka mu 2011. Tritium sachoka ndi kusefako, choncho madziwo amasungunulidwa kuti asapitirire mabecquerel 1,500 pa lita, pamene mlingo wa WHO wa madzi akumwa ndi 10,000. China inaletsa nsomba za ku Japan pa nthawiyo. IAEA ndi malabotale a mayiko ena akhala akuyeza madzi ndi nsomba paokha, ndipo mkanganowu waonetsa kuti miyeso imakhulupirika kwambiri pamene mbali zingapo zili ndi luso loyeza.

Minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere

Mabomba amene anayesedwa mumlengalenga m'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 anachulukitsa kaboni-14 wa mu mpweya pafupifupi kawiri kumpoto kwa dziko lapansi. Pangano la 1963 litaletsa kuyesa kotereku, mlingowo unayamba kutsika chaka ndi chaka. Kukwera ndi kutsika kumeneku kunasiya chizindikiro m'chamoyo chilichonse, moti chinthu chimene chinamera pambuyo pa 1955 chingathe kudziwika chaka chake mosaphonya kwambiri.

Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, koma ogulitsa ena amanena kuti minyanga yawo ndi yakale. Mu 2016 Thure Cerling wa ku yunivesite ya Utah ndi anzake anayeza minyanga 231 yochokera pa katundu wogwidwa maulendo 14 pakati pa 2002 ndi 2014. Anapeza kuti yoposa 90 pa 100 iliyonse inali ya njovu zimene zinafa pasanathe zaka zitatu katunduyo asanagwidwe. Izi zinasonyeza kuti msika wozembetsa ukudyetsedwa ndi njovu zongophedwa kumene. Njira yomweyo inaulula chojambula chachinyengo ku Venice mu 2014: nsalu ya chithunzi chimene ankati n'cha Fernand Léger inapezeka kuti thonje lake linakololedwa mu 1959 kapena pambuyo pake, pamene Léger anamwalira mu 1955.

Ku South Africa, ntchito ya Rhisotope ya ku yunivesite ya Witwatersrand, yotsogoleredwa ndi James Larkin, ikuika ma isotope ochepa m'nyanga za zipembere zamoyo. Zipembere 20 zinabayidwa mu 2024 poyesa njirayi. Cholinga chake n'chakuti nyanga yozembetsedwa izilizitsa makina ozindikira cheza amene alipo kale m'madoko ndi m'mabwalo a ndege ambiri.

Zitsulo ndi zipangizo

Ma neutron alibe mphamvu ya magetsi, choncho amadutsa m'chitsulo chochindikala, komanso amaona bwino maatomu opepuka monga hydrogen ndi lithium amene X-ray imavutika kuwaona. Clifford Shull ndi Bertram Brockhouse analandira mphoto ya Nobel mu 1994 chifukwa chokonza njira zimenezi. Masiku ano zimagwiritsidwa ntchito poyeza kukanikizika kobisika m'malo owotcherera, m'njanji ndi m'zipangizo za injini za ndege, komanso poona mmene lithium amayendera mkati mwa batire pamene likugwira ntchito.

Njira zina ndi zofala kwambiri kuposa pamenepa. Iridium-192 ndi cobalt-60 amajambula ming'alu ya m'mapaipi ndi m'matanki. Omanga misewu amagwiritsa ntchito kachipangizo kokhala ndi caesium-137 poona ngati dothi latsindiridwa mokwanira. Silicon wa zipangizo za magetsi amphamvu amaikidwa mu reactor kuti maatomu ena asanduke phosphorus mofanana paliponse, ntchito imene reactor ya SAFARI-1 ku Pelindaba imagwira limodzi ndi kupanga molybdenum-99 wa m'zipatala. Cheza chimalimbitsanso pulasitiki wokutira mawaya, ndipo IAEA inayambitsa ntchito ya NUTEC Plastics yofufuza njira zokonzanso zinyalala za pulasitiki ndi kuyeza tizidutswa take m'nyanja.

Mavuto a masiku ano

Vuto loyamba likuchokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Zinthu zimenezi ndi zakale kwambiri moti zilibenso kaboni-14, ndipo utsi wake ukusungunula amene ali mu mpweya. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, mlingo wake unali utabwerera pamene unali mabomba asanayesedwe, ndipo ukupitiriza kutsika. Mu 2015 Heather Graven wa ku Imperial College London anawerengera kuti utsi ukapitiriza kuchuluka, pofika 2050 chovala chatsopano chidzaoneka ku labotale ngati cha zaka 1,000. Izi zidzavutitsa kwambiri ntchito yoyeza zinthu za m'zaka mazana aposachedwapa, nthawi imene muli mbiri ya maufumu monga Maravi ndi Mutapa, komanso ntchito yotsimikizira zaka za minyanga. Akatswiri akuyesa kugwiritsa ntchito kaboni-13 posiyanitsa chatsopano ndi chakale. Kusungunuka komweko kuli ndi phindu limodzi: kumathandiza kuyeza kuchuluka kwa utsi wa mafuta umene mzinda kapena dziko likutulutsa, popanda kudalira malipoti a boma okha.

Vuto lachiwiri ndi la makina. Ma reactor ambiri a kafukufuku anamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. M'chaka cha 2019 chokha, Orphée ku France, BER II ku Berlin ndi JEEP II ku Norway anatsekedwa, zimene zinachepetsa mwayi wa ofufuza wopeza ma neutron ku Ulaya. Malo atsopano a European Spallation Source ku Lund m'dziko la Sweden anayamba kumangidwa mu 2014 ndipo atenga nthawi yaitali kuposa mmene anakonzera poyamba. Ku Africa, ma reactor a kafukufuku ali m'mayiko ochepa, monga Algeria, Egypt, Ghana, Libya, Morocco, Nigeria ndi South Africa. SAFARI-1 inayamba ntchito mu 1965, ndipo mu 2021 nduna za boma la South Africa zinavomereza kuti pamangidwe ina yolowa m'malo mwake. Labotale ya AMS ya iThemba LABS ku Johannesburg inatsegulidwa mu 2014. Ofufuza a m'mayiko ambiri a mu Africa amatumizabe makala, mafupa ndi madzi awo kunja, zimene zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo nthawi zambiri zimachititsa kuti mafunso ofufuzidwa asankhidwe ndi amene ali ndi ndalama zolipirira.

Vuto lachitatu ndi la chitetezo. Tizipangizo totulutsa cheza tikatayika timapha. Mu 1987 ku Goiânia m'dziko la Brazil, anthu anayi anamwalira atagwira caesium-137 wochokera m'makina a chipatala chimene chinasiyidwa. Mu January 2023 kakapisozi ka caesium-137 kochepera sentimita imodzi kanagwa m'galimoto ku Western Australia, ndipo kanapezeka atafufuza mumsewu wa makilomita 1,400. Pofuna kuchepetsa chiopsezo cha zida, Ghana mu 2017 ndi Nigeria mu 2018 anasintha ma reactor awo kuti asiye kugwiritsa ntchito uranium woyengedwa kwambiri. Palinso funso la ulemu: kuyeza fupa la munthu kumawononga kachidutswa kake, choncho ofufuza akuyembekezeredwa kupeza chilolezo cha boma ndi kukambirana ndi eni dera asanayambe.

Malawi ndi Zambia

Zambia inalowa m'bungwe la IAEA mu 1969, ndipo Malawi analowa mu 2006. Malawi anakhazikitsa lamulo la mphamvu ya atomu mu 2011, limene linabala bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, loyang'anira zipangizo zotulutsa cheza m'zipatala, m'migodi ndi m'mafakitale. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo unayambiranso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Mayiko awiriwa alibe reactor ya kafukufuku, ndipo amapeza zambiri mwa njirazi kudzera m'mgwirizano wa mayiko a mu Africa wa AFRA, umene unayamba mu 1990, komanso mwa mayunivesite akunja. Njira zina, monga kuyeza oxygen-18 ndi deuterium m'madzi kapena caesium-137 m'dothi, sizifuna reactor. Zimafuna makina a mu labotale, magetsi odalirika ndi akatswiri ophunzitsidwa bwino. Kwa mayiko amene midzi yake yambiri imamwa madzi a pa mjigo ndipo minda yake ikutaya dothi chaka ndi chaka, njira zimenezi ndi zimene zili pafupi kwambiri ndi zosowa za anthu.